Kupempha ndalama za kafukufuku limodzi ndi anzathu akunja: poyambira ndi podutsa

Kwa ambiri a ife kuno ku Zomba, kaya ku UNIMA, ku FRIM (bungwe lofufuza za nkhalango), ku Makoka kapena ku National Herbarium, kafukufuku wochita ndi anthu akunja amayamba ndi imelo. Pulofesa wina wa ku Ulaya walemba kuti akukonza pulopozo, akufuna mnzake wa ku Malawi, kwatsala masabata awiri kuti atseke, chonde tumizani CV ndi kalata ya kuntchito kwanu. Timatumiza msangamsanga. Ndalama zikabwera m'pamene timazindikira kuti funso anasankha okha, bajeti anagawa okha, ndipo yathu ntchito ndi kupeza galimoto, kumasulira mafunso m'Chichewa ndi m'Chiyao, n'kuperekeza alendo kwa amfumu. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kulowa m'pempho lotere ali mwini wake.

Yambani ndi za mu ofesi, call (chilengezo choitana anthu kupempha ndalama) isanatuluke

Pali zinthu zosafuna nzeru zambiri koma zodya nthawi, zoti mukaziyamba mochedwa palibe wozifulumizitsa. Zichiteni panopa, ngakhale mulibe pempho lililonse m'maganizo.

Chanu panokha ndi ORCID, nambala yomwe wofufuza aliyense amatenga ulere pa intaneti n'kukhala nayo mpaka kalekale. Ikanimo mapepala onse omwe munasindikiza, dzina lanu lilembedwe chimodzimodzi paliponse. CV ikhale pawiri: yaitali ija ya masiku onse, ndi ina ya masamba awiri yonena zomwe munachitapo, ophunzira omwe munawayang'anira ndi ndalama zomwe munayendetsapo, ngakhale zinali zochepa. Mabungwe ena, monga UKRI ya ku Britain, masiku ano amafuna CV yofotokoza ngati nkhani, osati mndandanda wa mapepala chabe.

Zotsalazo ndi za bungwe lanu, ndipo m'pomwe ambiri amakodwa, chifukwa ndalama za kafukufuku zimaperekedwa ku bungwe, osati kwa munthu. European Union imafuna kuti bungwe likhale ndi PIC, nambala yotengedwa pa Funding & Tenders Portal. Ndalama za boma la America, monga za NIH (bungwe lawo la kafukufuku wa zaumoyo), zimafuna kuti bungwe lilembetse pa SAM.gov n'kulandira nambala yotchedwa UEI, kenako pa Grants.gov ndi eRA Commons. A NIH eni ake amachenjeza kuti zimenezi zingatenge masabata 6 kapena kuposerapo, komanso za pa SAM.gov zimafuna kukonzedwanso chaka ndi chaka. Musalembetse nokha mwatsopano ayi. Pitani ku ofesi yoona za kafukufuku ndi ya zachuma mukafunse ngati manambalawa alipo kale, akusunga pasiwedi yake ndani, ndipo ngati munthuyo akadali pantchito. Muonenso dzina. Chiyambire 2021, pomwe yunivesite yakale ija inagawidwa, Chancellor College ndiyo University of Malawi, Polytechnic ndi MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala KUHeS. Dzina la pa kalata, la ku banki ndi la m'makina a opereka ndalama likasiyana, mudzatha masiku mukulemba makalata ofotokoza kuti ndinu omwewo.

Dziwaninso amene ali ndi mphamvu yosainira bungwe, ndi matebulo omwe pepala limadutsa lisanamufike: kwa mkulu wa dipatimenti, kwa a Dean, ku zachuma, kenako kumtunda. Sabata yomwe mudzawafuneyo, mmodzi adzakhala ali ku msonkhano ku Lilongwe, wina ku maliro.

Funso lichokere kuno

Musanasake mnzanu wakunja, lembani tsamba limodzi lokha: vuto n'lotani, chosadziwika n'chiyani, mudzachifufuza bwanji, yankho lake lidzagwira ntchito kwa yani. Amene wabwera ndi tsamba limeneli pa zokambirana ndiye amakhala mwini nkhani.

Tiyerekeze kuti mtima wanu uli pa nyanja ya Chilwa. "Kusintha kwa nyengo ndi nyanja ya Chilwa" ndi mutu chabe, ndipo owunika atopa nayo mitu yotere. Lowani mkati. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulukira, ndi yosaya, inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 madzi anathawa moti mabwato anatsala pamatope ku Kachulu. Funso tsono lingakhale ili: kuphwa kwa madziku, gawo la kuchepa kwa mvula ndi lalikulu bwanji, nanga la madzi omwe amapatutsidwa kuthirira mpunga m'mbali mwa mitsinje ya Likangala ndi Domasi ndi lalikulu bwanji? Kapena ili: madzi akaphwa, asodzi a matemba ndi makumba, ndi amayi owamba nsomba, amalowera kuti, ndipo amabwerera angati madzi akadzaza? Mafunso otere amayezeka. Amaonetsanso okha chifukwa chomwe mukufunira wina wakunja: mwina labu yopima madzi yomwe kuno kulibe, mwina katswiri wowerenga zithunzi za satelaiti, mwinanso mnzanu wa ku Mozambique, poti mbali ina ya dera lomwe madzi ake amatsikira m'Chilwa ili kumeneko. Owunika akapanda kuona chomwe chikukakamiza mayiko awiri kapena atatu kugwirira limodzi ntchitoyi, amadziwa kuti maina enawo aikidwa pongokongoletsa.

Tisadzipeputsenso. M'tauni yaing'onoyi muli National Statistical Office yosunga kalembera wa 2018 ndi kafukufuku wa m'makomo wa zaka zambiri, National Archives yosunga malipoti a maboma kuyambira nthawi ya atsamunda, Herbarium yosunga zomera zouma za dziko lino, Geological Survey, ndi Centre for Social Research yomwe ili ndi anthu ozolowera ntchito ya m'midzi. Mnzanu wa ku Bergen kapena ku Glasgow zimenezi alibe. Zitchuleni m'tsamba lija monga zomwe mbali yanu ikubweretsa.

Za Malawi 2063 muzilumikize pomwe zikulumikizikadi, kaya ndi pa ulimi, pa mafakitale kapena pa kukula kwa mizinda. Kungoitchula mwamwambo m'ndime yoyamba sikuwonjezera malikisi.

Call muiwerenge ndi cholembera m'manja

Isindikizeni papepala. Choyamba kuyang'ana n'chakuti kodi ndinu ololedwa, ndipo ngati mwaloledwa, mungatsogolere kapena mungangokhala othandizana nawo. Ku Horizon Europe, ndondomeko ya EU ya 2021 mpaka 2027, nthawi zambiri pamafunika mabungwe atatu ochokera m'mayiko atatu a EU kapena ogwirizana nayo pa ndondomekoyi, limodzi mwa iwo likhale la m'dziko la EU lenilenilo. Bungwe la ku Malawi limabwera pamwamba pa atatuwo, koma lili ndi ufulu wolandira ndalama monga mayiko ena osauka. NORHED ya ku Norway imamangidwa pa ubale wa mayunivesite a kumeneko ndi a kuno. Wellcome, IDRC ya ku Canada ndi Science for Africa Foundation ya ku Nairobi ali ndi mipata yomwe bungwe la mu Africa limatha kutsogolera lokha, ndipo NCST yathu, bungwe la boma loona za sayansi ndi luso, nthawi zina imalengeza mipata yochitira limodzi ndi mayiko ena a mu Africa kudzera mu Science Granting Councils Initiative. Za NIH samalani, malamulo ake okhudza ndalama zopita ku mabungwe a kunja kwa America anasintha mu 2025, musadalire zomwe mnzanu anachita zaka zapitazo.

Chachiwiri, pezani pomwe alemba mmene adzaperekere malikisi. Horizon Europe imayang'ana zitatu: ubwino wa sayansi yake, phindu lomwe idzabweretse, ndi dongosolo logwirira ntchito. Chilichonse amachipatsa malikisi kuyambira 0 mpaka 5, ndipo kawirikawiri pamafunika osachepera 3 pa chilichonse ndi 10 pa zonse pamodzi. Ndiye kuti sayansi yapamwamba yokhala ndi dongosolo lofooka imagwa ndithu. Mfundo zoperekera malikisizo zikhale mitu ya pulopozo yanu, m'mawu awo omwewo. Malire a masamba nawo si nthabwala, masamba opitirira amabisidwa ndipo owunika sawaona n'komwe.

Kukambirana ndi anzanuwo

Poyambira pabwino ndi anthu omwe mumawadziwa kale: amene anakuyang'anirani PhD, amene munaphunzira nawo, kapena olemba mapepala omwe mumawawerenga kawirikawiri. Alembereni mwachidule, muikemo tsamba lija. Dzina lalikulu limathandiza, koma ine ndingasankhe munthu woyankha imelo komanso womva mukamukanira.

Mukagwirizana, pa Zoom yoyamba kapena yachiwiri pomwepo mufunse mafunso ovuta aja, ndipo mayankho alembedwe n'kutumizidwa kwa aliyense. Pempho lalikulu limagawidwa m'zigawo zotchedwa work package. Ndani atsogolere chiti? A ku Malawi atsogolere chigawo cha sayansi yeniyeni, chisakhale chotolera deta ndi kudziwitsa anthu chokhachokha. Pa mapepala odzasindikizidwa, ndi angati omwe dzina loyamba kapena lomaliza lidzakhale la wa kuno? Deta idzasungidwa kuti, ndipo inu mudzakhala nayo yonse kapena muzidzachita kupempha? Ophunzira a Masters ndi PhD adzalembetsa ku yunivesite iti? Galimoto, makompyuta ndi zida za mu labu zidzakhala za yani polojekiti ikatha? Nanga ndalama zikadulidwa pakati, ululu wake mudzagawana bwanji? Zimenezi zinachitikapo: mu 2021 Britain itatsitsa thandizo lake kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake, kafukufuku wambiri wa GCRF, thumba la Britain lothandizira kafukufuku wa mavuto a mayiko osauka, anadulidwa ndalama ali mkati.

Pamenepa ulemu wathu umatipweteka. Timaona ngati kufunsa mlendo za ndalama ndi maina ndi mwano, ndiye timati tidzakambirana zikatheka. Zikatheka mphamvu mulibenso, zonse zasainidwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo: chomwe sichinalembedwe m'pulopozo musachiwerengere. Ndipo mafunsowa salifooketsa pempho. Opereka ndalama ambiri tsopano amayang'ana ngati mgwirizano uli wachilungamo, moti EU inatenga TRUST Code ya 2018, yonena za kafukufuku wochitikira m'mayiko osauka, kukhala chimodzi mwa zikalata zomwe opempha ayenera kutsatira. Mnzanu akakwiya ndi mafunsowa, mwadziwiratu mmene zaka zinayi zikubwerazo zidzakhalire.

Kulemba

Aliyense alembe gawo lake, koma munthu mmodzi azisoka zonse kuti liwu likhale limodzi. Zolinga zikhale zitatu kapena zinayi, ndipo cholinga chilichonse chikhale ndi njira yake, munthu wake, miyezi yake ndi ndalama zake. Wowunika amatha kutenga cholinga chimodzi n'kuchilondola mpaka ku bajeti, akachisowa pena pake amayamba kukayikira zonse. Ndime yachidule ya kumayambiriro ilembedwe pomaliza, ndipo mukaipereke kwa mnzanu wa dipatimenti ina. Akalephera kukuuzani m'mawu ake zomwe mukufuna kuchita, bwererani mukalembenso.

Kalendala ya ntchito ndi pomwe inu mumadziwa zomwe anzanuwo sangadziwe. Iwo akhoza kuika ntchito ya m'midzi mu January ndi February poti ndi nthawi yomwe ali ndi mpata. Auzeni kuti miyezi imeneyo misewu yotsikira kunyanja imakhala matope, anthu ali kumunda kupalira ndi kubandira, ndipo m'nyumba zambiri chimanga chatha, moti mayankho a mafunso a zakudya adzasiyana kwambiri ndi a mu June. Ikanimonso nthawi ya mayeso ndi kuchonga, chifukwa simudzasiya kuphunzitsa. Miyezi 6 yoyambirira musalonjeze zotsatira, imathera pa kontirakiti, zilolezo, kulemba anthu ntchito ndi kugula zida. Pa gawo la zovuta zomwe zingagwe, lembani zenizeni: kusowa kwa mafuta a galimoto, kolera, madzi osefukira ngati a namondwe Freddy wa mu March 2023, ndi chomwe mudzachite chilichonse chikagwa.

Pa phindu la kafukufuku, tchulani odzagwiritsa ntchito zotsatira: ofesi ya zausodzi ya pa boma, makomiti a m'madooko otchedwa BVC, khonsolo ya Zomba. Kalata yawo inene chomwe adzachite, osangoti tikugwirizana nazo. Muikenso ndalama zobwerera nazo kumudzi kukanena zomwe mwapeza, m'chilankhulo cha eni ake, kaya pabwalo la amfumu kaya pa wailesi ya Chanco.

Bajeti

Gawo ili musasiyire munthu wina. Khalani pansi ndi akauntanti wa bungwe lanu tsiku lathunthu, muwerengere chinthu chimodzichimodzi kuchokera pa ntchito yomwe mwalonjeza. Mnzanu akanena kuti mbali ya Malawi taisungira zakutizakuti, inu muwerengere kaye zanu, ndipo zikapanda kukwana muchepetse ntchito, osati mitengo.

Bajeti ikhale mu ndalama ya opereka, kaya euro, dola kapena paundi, ndipo mulembe mtengo wosinthira womwe mwagwiritsa ntchito ndi tsiku lake. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anasaina mgwirizano wolembedwa mu makwacha nthawi imeneyo isanafike anapezeka kuti ndalama za chaka chachitatu sizikugula theka la zomwe analonjeza. Funsani ku zachuma ngati polojekiti ingakhale ndi akaunti ya ndalama zakunja, ndipo mitengo ya mafuta, malo ogona ndi malipiro muikweze chaka ndi chaka m'bajetimo, pomwe malamulo a call akulola.

Overhead, ndalama yomwe bungwe limatenga ya magetsi, maofesi ndi antchito a zachuma, imayambanitsa anthu. Horizon Europe imapereka 25 peresenti pamwamba pa ndalama zoyendetsera ntchito, pomwe NIH kwa zaka zambiri yakhala ikupereka 8 peresenti yokha ku mabungwe akunja. Bungwe lanu nalo lili ndi mlingo wake. Ziwirizi zikasiyana, pezani kalata yovomereza kusiyanako musanatumize, apo ayi ndalamayo idzadulidwa pa mafuta anu a ku field.

Zomwe zimaiwalika kawirikawiri ndi izi. Nthawi yanu yomwe, chifukwa mukapanda kuiika mudzagwira ntchitoyi usiku ndi Loweruka. Malipiro a akauntanti ndi woyendetsa polojekiti, poti malipoti a ndalama ndi malisiti zimafuna munthu wake. Msonkho wa pa malipiro ndi penshoni za omwe mudzawalembe. Alawansi ya ofunsa mafunso m'midzi, masiku owaphunzitsa ndi oyeserera mafunsowo. Bwato lopitira ku chilumba cha Chisi ndi majekete opulumutsira pamadzi. Sola kapena invetala ya firiji yosungira zomwe mwatunga, pakuti magetsi akathima masiku awiri ntchito ya mwezi yawonongeka. Mabandulo a intaneti. Kutumiza ndi kuombola zida pa kasitomu. Ma visa ndi ulendo wokawatenga. Ndalama zosindikizira mapepala kuti aliyense awerenge ulere. Ndalama za makomiti opereka chilolezo.

Chomaliza, chomwe ambiri amachiona mochedwa: ndalama zizibwera bwanji? Mayunivesite ena akunja amafuna kuti muyambe mwagwiritsa ntchito zanu, iwo adzakubwezereni pakatha miyezi itatu. Mabungwe athu ambiri alibe thumba lotere. Pemphani kuti azitumiziratu, ndipo zilembedwe. Adzafunanso kuona malipoti a ma auditor ndi malamulo a bungwe lanu okhudza kugula katundu, katangale ndi kuteteza anthu ku nkhanza. Zisonkhanitseni mufoda imodzi.

Zilolezo

Nthawi zambiri chilolezo chimapemphedwa ndalama zitapezeka, koma pulopozo ionetse kuti njira mukuidziwa. A ku UNIMA ali ndi UNIMAREC, komiti yoona ngati kafukufuku akuteteza anthu ofufuzidwa. Kafukufuku wa zaumoyo amadutsa ku makomiti a NHSRC kapena COMREC, wa zachikhalidwe ndi kakhalidwe ka anthu ku NCRSH ya pansi pa NCST. Chilolezo cha ku yunivesite ya anzanuwo sichilowa m'malo mwa cha kuno. Ngati zomera, nsomba, dothi kapena magazi zidzatuluke m'dziko, pafunika Material Transfer Agreement (mgwirizano wolembedwa wa otumiza ndi olandira zinthuzo) ndi chilolezo chotulutsira, ndipo pa zamoyo kumbukirani kuti Malawi ili mu Nagoya Protocol, pangano la mayiko lokhudza kugawana phindu lochokera ku zamoyo. Deta ya anthu ikamapita ku Ulaya imakumana ndi GDPR, lamulo la EU loteteza deta ya anthu, ndipo kuno tili ndi lamulo lathu loteteza deta la 2024. Kenako pali njira yathu ija: kwa a DC, ku DEC (komiti ya akuluakulu a nthambi za pa boma), kwa a T/A, kwa a gulupu, mpaka kwa anyakwawa. Ipatseni masabata ake m'kalendala.

Kutumiza, ndi zotsatira

Dziikireni tsiku lanu lotsekera, masiku 10 lisanafike lenileni, la masiginecha. Kutumiza kwenikweniko kuchitike kutatsala masiku awiri kapena atatu, masana, laputopu ili yodzaza ndipo foni ya netiweki ina ili pambali. Pa makina a EU mungatumize kangapo, ndipo chomaliza ndicho chimawerengedwa, choncho tumizani msanga zomwe zilipo n'kumakonza pambuyo. Samalani ndi nthawi. EU imatseka 5 koloko madzulo nthawi ya ku Brussels, yomwe imafanana ndi yathu kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, koma miyezi inayo kuno imakhala 6 koloko. Ngati akutumiza ndi anzanuwo, muone pulopozo yonse ndi bajeti yomaliza asanadine, makamaka mzere wa Malawi, ndipo musunge kope ndi imelo yotsimikiza kuti zalandiridwa.

Ku Horizon Europe yankho limabwera pasanathe miyezi isanu, limodzi ndi ndemanga za owunika. Mapempho ambiri amakanidwa, ngakhale abwino. Likakanidwa lanu, itanani gulu lonse pasanathe mwezi, muwerenge ndemangazo mzere ndi mzere, musiyanitse zomwe zingakonzedwe ndi zosonyeza kuti munagogoda pakhomo lolakwika, kenako musake call ina yomwe funso lomwelo lingalowe. Likapambana, musalembe munthu ntchito kapena kuitanitsa katundu kontirakiti ya pakati pa bungwe lanu ndi lotsogolera isanasainidwe. Itengereni kwa loya wa bungwe lanu, muiyerekeze ndi zomwe munagwirizana pa Zoom zija, makamaka ndime za deta, za zida ndi za tsiku lomwe gawo loyamba la ndalama lidzalowe ku akaunti.